Kwa achemwali a ku Domwe: mlongo wanu asachoke ku Tete asanalembe requerimento

Achemwali, pepani ndi maliro a bambo. Ndawerenga zimene mwalemba pa gulu lathu lino, zoti mlongo wanu ali chaka chachitatu pa yunivesite ku Tete, ali ndi ngongole ya propina (fizi ya sukulu) ndi ya renda (lendi ya nyumba), ndipo akufuna kulongedza katundu abwerere kumudzi. Mwafunsa ngati kuli kumene amathandiza ana otere. Thandizo lilipo, ngakhale si lalikulu, koma silidzamutsatira ku Domwe. Muimbireni lero lomwe, mumuuze kuti asakwere chapa (minibasi) asanapite ku ofesi ya sukulu yake.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ana athu ambiri amangosowa mwakachetechete. Manyazi amawagwira, amasiya kulowa m'kalasi, kenako mumangomva kuti ali kumunda. Sukulu siidziwa kuti kwagwa maliro. M'mabuku mwake imangolemba kuti wajomba, walephera, wathawa. Malo amene anawavutikira pa exame de admissão (mayeso olowera ku yunivesite) amatha kutayika, ndipo ngongole imakhalabe pa dzina lake, mwina ndi multa (chindapusa) pamwamba. Akadzafuna kubwerera zinthu zitakhala bwino, adzapeza vuto lalikulu kuposa limene analisiya.

Choncho alembe requerimento, ndiye kuti kalata yopempha, yopita kwa mkulu wa faculdade yake. Isakhale yaitali. Anene tsiku limene bambo anamwalira, ndalama zimene akuyenera kulipira, ndi chimene akupempha: kulipira pang'onopang'ono, kuchotseredwa multa, kapena kuchepetseredwa propina. Aikemo fotokope ya BI (chiphaso cha unzika), certidão de óbito (kalata ya imfa), ndi atestado de pobreza (kalata yotsimikiza umphawi), imene imayambira kwa secretário wa bairro kapena wa kumudzi kwanu n'kukathera ku administração. Apa ndi pamene inu mungathandize kwambiri, chifukwa mapepala amenewa ali kufupi ndi inu ku Angonia kuposa iye. Akakapereka kalatayo apemphe kuti amudindire kope yake ndi tsiku, aisunge bwino. Mawu a pakamwa oti "tiona" alibe ntchito pa tsiku la mayeso.

Ndipo apite yekha, asatume mnzake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akafunse ku Registo Académico (ofesi yolembetsa ophunzira) kuti nkhani za bolsa (thandizo la ndalama za maphunziro) ndi acção social (thandizo la ophunzira ovutika) amaziona ndani, akamuone munthuyo maso ndi maso. Alankhulenso ndi director wa curso ndi a associação ya ophunzira, chifukwa iwo amadziwa ngati kuli malo ku residência (nyumba yogona ophunzira), kapena ngati wina akufuna womugawira chipinda ku Matundo kapena ku Chingodzi.

Simunatchule sukulu yake, ndipo zimasiyana. ISPT (Instituto Superior Politécnico de Tete), imene inakhazikitsidwa mu 2005, UniZambeze, imene ili ndi faculdade ya zaumoyo ku Tete ndi ya zaulimi kwathu ku Ulongwe, ndi UniPúnguè, imene inatuluka mu Universidade Pedagógica mu 2019, zonsezi ndi za boma. Amene amaphunzira masana amalipira zochepa, ndipo nthawi zambiri chimene chimawagwetsa ndi renda ndi chakudya. Wa pós-laboral (wophunzira madzulo), kapena wa sukulu yoyima payokha ngati UCM (yunivesite ya Katolika), amalipira mwezi ndi mwezi, ndiye ngongole imakula msanga. Za bolsa ya boma, Instituto de Bolsas de Estudo imatulutsa edital (chilengezo) pa nthawi yake, ndipo aziyang'anira kuti isamupite. Koma ndisakunamizeni, bolsa ili ndi kalendala yake ndipo ofuna ndi ochuluka. Siidzalipira renda ya mwezi uno.

Zikakanika zonse, asathawebe. Apemphe anulação de matrícula, kuti aime mwalamulo ndipo adzathe kupempha kubwerera. Regulamento ya sukulu iliyonse imanena nthawi yochitira zimenezi, ndiye afunse msanga tsiku lomaliza lisanadutse.

Tsopano ndalama za mwezi uno. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti chaka cha sukulu chimayamba cha mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene nkhokwe zili mbee, feteleza watha ndalama zonse, ndipo chimanga chikadali kumunda. Fodya, soya ndi chimanga zimabweretsa ndalama kuyambira cha mu Epulo kapena Meyi kupita mtsogolo. Ndiye mwana amasiya sukulu chifukwa cha miyezi iwiri kapena itatu yokha, pamene banja lake likanatha kulipira litakolola. Tinazionanso mu Januwale 2022 mphepo yamkuntho yotchedwa Ana itawononga minda ndi mlatho wa Revubwe, ndiponso chilala cha El Niño mu 2024. Nzeru ana amenewa ali nazo. Chimene chimasowa ndi wowagwira dzanja mpaka nthawi yokolola.

Pachifukwa chimenecho, khalani pansi ndi amalume anu ndi abale ena, muwerengetsere ndalama zenizeni zimene zikufunika kuti mnyamatayu afike mu Juni. Musanene kuti "thandizani mwana". Nenani kuti renda ndi mwakuti, chakudya mwakuti, propina mwakuti. Anthu amapereka msanga akaona pamene ndalama yawo ikukagwera. Ngati muli mu xitique (chipereganyu), pemphani anzanu kuti akupatseni ulendo uno, mudzabweze malo kwa amene wakusiyirani. Kutchalitchi kwanu lankhulani ndi akuluampingo. Ndipo thumba la ufa, nyemba ndi mbatatesi lotumizidwa pa chapa kuchokera ku Ulongwe limachotsa gawo lalikulu la mtolo, chifukwa zakudya ku Tete zimadula. Mwini nyumba naye mulankhule naye poyera, auzidwe tsiku limene adzalandire ndalama zake.

Chimene ndikukuletsani ndi katapila. Musapereke kadi ya kubanki kwa agiota (wakatapila), musagulitse chimanga chili m'munda pa mtengo wotaya. Muchenjerenso ndi anthu amene akulembereni ku inbox kuti akupezerani bolsa mukatumiza kaye kangachepe pa M-Pesa kapena e-Mola. Nkhani ngati yanuyi ikaonekera pagulu amabwera msanga. Bolsa yeniyeni imadutsa pa edital ndi pa ofesi, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Kwa ife a gulu lino ndili ndi pempho. Tili ambiri muno, aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito ku migodi ya ku Moatize, ochita malonda ku Zobwe ndi ku Calómuè. Ambiri mwa ife tinafika pamene tili chifukwa wina anatilipirira mwezi umodzi wovuta. Tingathe kukhala ndi kathumba kathu ka ngozi ngati izi: anthu atatu osunga, ndalama yolipiridwa ku akaunti ya sukulu kapena kwa mwini nyumba, risiti yoonetsedwa kwa onse, dzina la mwana losatchulidwa pagulu. Ine ndili wokonzeka kuyamba ndi mlongo wa achemwaliwa.

Achemwali, musalembe dzina lake kapena nambala yake pano. Tiuzeni chabe ngati ndi wa masana kapena wa pós-laboral, ndi ndalama zimene zatsala. Ndikutumizirani chitsanzo cha requerimento m'Chipwitikizi madzulo ano kuti akapereke Lolemba.