Malikisi ndinalemba, koma ahedi alandira fayilo yopanda kanthu

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 kuno ku Ntcheu. Ahedi athu ananditumizira pa imelo fayilo ya Excel ya mayina a ana kuti ndilembemo malikisi a mayeso a teremu ino. Ndinaitsegula pa laputopu, ndinalemba mpaka usiku, ndinadina Save, kenako ndinadina Forward kuwabwezera. M'mawa mwake akundiuza kuti fayiloyo yafika ili mbee, mulibe malikisi. Kodi ntchito yanga yapita kuti? Mphunzitsi wodandaula, Ntcheu.

YANKHO: Pepani aphunzitsi, koma musafulumire kutulutsanso mapepala a ana. Mwina malikisiwo alipo.

Ahedi sakunama, inunso simukunama. Fayilo imene yabwera ndi imelo sisintha. Mukaitsegula, kompyuta imakopera ina n'kuiika pa laputopu yanu, ndipo inu mumalemba pa yokoperayo. Save uja anasunga malikisi mu yokoperayo. Koma Forward sadziwa zoti kunja kuli fayilo ina. Amangonyamula yoyamba ija monga momwe ahedi anaitumizira. Ndiye ahedi analandira katundu wawo yemwe.

Tiyeni tiisake. Tsegulani Excel, dinani File, kenako Open, muone pa Recent. Mafayilo amene mwagwiritsa ntchito posachedwa amandandalikidwa pamenepo. Ngati imelo yanu ndi Gmail ndipo mumaitsegulira pa Chrome, kayang'aneni mu foda ya Downloads. Samalani pamenepa: ngati munaidawuniloda kangapo, mupeza mafayilo a dzina limodzi, ena ali ndi (1) kapena (2) kumapeto. Tsegulani onse, chifukwa malikisi ali mu imodzi yokha.

Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya Outlook, nkhani ndi yovutirapo. Iyo imaika yokoperayo mu foda yobisika yotchedwa Content.Outlook, ndipo imatha kuifufuta yokha mukatseka. Mukaipeza pa Recent n'kutseguka, dinani Save As nthawi yomweyo, muisunge mu Documents.

Kuyambira lero, musalembe kanthu pa fayilo musanaitulutse mu imelo. Idawunilodeni, muiike mu foda yoti mawa mudzaikumbukira, muipatsenso dzina lake, monga "Std7 Teremu 2 malikisi omaliza". Mayina a "Book1", amene Excel amapereka yekha ku fayilo yatsopano, andisowetsa mtendere m'maofesi ambiri, moti ndimadana nawo. Mukamaliza kulemba, sungani, tsekani Excel, ndiye mudine Reply osati Forward. Reply sanyamula fayilo yakale, choncho inu mudine kachizindikiro kokhala ngati kawaya kopanira mapepala, musankhe yanu yatsopanoyo. Mukatumiza, lowani mu Sent, mutsegule fayiloyo muone ndi maso anu kuti malikisi alimo. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Nthawi zina fayilo ikatseguka imakana kulembedwa, pamwamba pali mzere wachikasu wolembedwa Protected View. Sikuti yawonongeka ayi. Ndi Excel kapena Word amene akuchenjera ndi zinthu zochokera pa intaneti. Ngati mukumudziwa wotumizayo ndipo mumaiyembekezera fayiloyo, dinani Enable Editing. Koma batani lina lofanana nalo, la Enable Content, ndi nkhani ina: limalola timapulogalamu tobisika mu fayilo kuyamba kugwira ntchito, ndipo akuba amadutsira pomwepo. Ndandanda wa malikisi sufuna zimenezo. Ikabwera fayilo kuchokera kwa munthu wosamudziwa, yonena za ntchito kapena ndalama zomwe mwapata, isiyeni.

Pa foni ndi chimodzimodzi, ngakhale fayilo itabwera pa WhatsApp. Mukaikonza mu WPS Office kapena Excel wa pa foni, yokonzayo imasungidwa kwina, ndipo muyenera kuitumiza pa yokha.

Ahedi anu ndiwapatseko ganizo. Ngati aphunzitsi onse amalemba malikisi teremu iliyonse, fayiloyo aiike pa Google Drive, posungira mafayilo pa intaneti, pomwe akaunti iliyonse ya Gmail ili ndi malo aulere okwana 15 GB, n'kungogawa linki. Aliyense amalemba pa fayilo imodzimodziyo mu Google Sheets, pulogalamu ya pa intaneti yofanana ndi Excel, ndipo fayiloyo imadzisunga yokha. Vuto lake ndi bandulo ndi netiweki basi. Ndipo popeza muli mayina ndi malikisi a ana, linkiyo ikhale yotsegukira aphunzitsi okhaokha.