Chinsinsi cha amuna ako chisakusandutse chumba

Mdzukulu wina wa ku Lilongwe wandilembera motere: "Agogo, ndili ndi zaka 31 ndipo ndakhala pabanja zaka 5 popanda mwana. Ndamwa zitsamba za asing'anga anayi. Chaka chino amuna anga analola kukayezetsa, ndipo adokotala anati mbewu zawo ndi zochepa kwambiri, pomwe ine anandipeza ndili bwino. Atiuza kuti tiganizire za IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu ku labu kenako n'kuika mluza m'chiberekero, ku South Africa. Amuna anga andilumbiritsa kuti ndisauze munthu, koma apongozi akunditchulabe chumba. Azakhali anga, amene ndinawanong'oneza, akuti tipeze fisi. Tili ndi puloti imodzi yokha. Tigulitse?"

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo mawu amene andikhala pamtima si a pulotiyo. Ndi akuti "andilumbiritsa". Tiyambire pamenepo, za ndalama tizipeza kutsogolo.

Amuna akowo ndiyambe ndawayamika. Ndinagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba mpaka kupuma, koma abambo amene ndinawaona akulowa okha ku labu, kabotolo kaja kali m'thumba la jekete, ndikhoza kuwawerenga ndi zala. Ambiri ankaperekeza mkazi n'kutsala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, akuwerenga nyuzipepala. Wina sindimuiwala. Anabwera ndi mkazi wachitatu, awiri oyamba atawasiya chifukwa cha nkhani yomweyi, ndipo onse awiriwo anali atabereka kale kumabanja awo atsopano. Titamupempha kuti ayezedwe, anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kutiuza kuti kumtundu kwawo kulibe gojo. Anatuluka, mkazi akumutsatira pambuyo atanyamula buku lake la kuchipatala. Choncho akowo achita chamuna. Kungoti ntchitoyo aisiyira panjira.

Chinsinsicho ndi chawo, ndipo pachikhalidwe chathu za kuchipinda sizitulutsidwa pabwalo. Apa ndikudzudzule pang'ono: unalumbira, kenako n'kukanong'oneza azakhali. Ndikumvetsa kuti mtima unadzaza, koma pita ukawapemphe azakhaliwo kuti atseke pakamwa, ndipo amuna ako uwauze wekha kuti unaulula, asanamve kumaliro kapena kuchitsime. Komatu munthu amene wakupempha kuti umubisire ali nawe ngongole. Sangabisale kumbuyo kwako, iwe ukutukwanidwa m'malo mwake, iye ali phee akudya nsima. Sakufunika kuuza amayi awo za mbewu. Angowakhazika pansi n'kunena kuti, "Amayi, nkhani ya ana tikuyenda nayo kuchipatala tonse awiri. Mkazi wanga adokotala anamupeza ali bwino. Mawu akuti chumba ndisawamvenso pakhomo pano." Apongozi ako si ana, adzamva okha chimene chatsala. Mawu omwewo akatuluka m'kamwa mwako adzamveka mwano, ndiye anene ndi iwowo. Akakana, itana ankhoswe. Unkhoswe sunathere pa tsiku logawana nkhuku lija.

Za fisi, azakhali ako sakunama kuti zinkachitika. Akuluakulu ankagwirizana mwakachetechete, m'bale kapena mnzake wa mwamuna n'kulowa usiku, mwana akabadwa n'kukhala wa mwini nyumba. Ankatero chifukwa analibe labu. Lero kuli HIV, kuli kuyeza DNA, ndipo fisi wa masiku ano ali ndi foni. Tsiku lina adzaledzera, kapena adzafuna ndalama. Zimenezo zisiye.

Tsopano za kuchipatala. Musathamangire ku Johannesburg ndi pepala limodzi. Umuna suyezedwa kamodzi n'kugamula mlandu. Mbewu za abambo zimatenga masiku opitirira pang'ono 70 kuti zipangike, ndiye ngati munthu anadwala malungo otentha thupi kwambiri miyezi iwiri asanayezedwe, chiwerengero chimatha kutsika kenako n'kudzakweranso. Akayezetsenso pakapita miyezi itatu, atadziletsa masiku 2 mpaka 7 monga momwe a ku labu amalangizira. Afunse nambala yeniyeni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika malire pa mbewu pafupifupi 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo munthu amene ali ndi 10 miliyoni si chimodzimodzi ndi amene ali ndi zosakwana miliyoni imodzi. Dokotala awapimenso thupi. Abambo ena amakhala ndi mitsempha yotupa kumavalo imene imakonzeka ndi opaleshoni, ena anadwalapo chinzonono chimene sichinachizidwe bwino, ena anadwala matsagwidi atakula kale. Fodya ndi mowa wambiri azisiye. Ndipo ngati wina wawauza kuti abayitse jakisoni wa testosterone kuti "mphamvu zichuluke", athawe, chifukwa ameneyo amachita kuzimitsa mbewu zotsalazo. Madokotala a za amayi ndi a za njira ya mkodzo amapezeka ku Kamuzu Central konko, ngakhale mzere wake umafuna kulawirira ndi kupirira.

Iwenso zitsamba zija leka. Sindikunyoza makolo, inenso ndinakulira pa mizu. Koma mapanga awiri avumbwitsa, ndipo thupi limene lapezeka lili bwino silifunika kuliika zinthu zosadziwika muyeso wake, makamaka zolowetsa kumaliseche.

Mbewu zikapezeka kuti ndi zochepa pang'ono chabe, pali njira yotsikirapo mtengo yotchedwa IUI: amatsuka umuna, n'kusankha mbewu zamphamvu, n'kuziika m'chiberekero pa masiku amene dzira lakhwima. Zikakhala zochepa zedi, ndi pamene amakamba za IVF, makamaka mtundu wake wotchedwa ICSI, pomwe amatenga mbewu imodzi yokha n'kuibayira m'dzira. Si zachilendo ngati momwe anthu amaganizira. Mwana woyamba wa IVF, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978, ndipo iyenso anadzabereka ana ake mwachibadwa. Ana oyamba a ICSI anabadwa ku Belgium mu 1992. Koma dziwa chinthu ichi, ndipo amuna ako achidziwenso: ngakhale vuto lili kwa iwo, thupi lovutika ndi lako. Ndiwe udzabayidwe majakisoni tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 kapena kuposerapo, ndiwe udzagone pa bedi akamachotsa mazira, ndiwe udzadikire masabata awiri ukuthamangira kubafa mtima uli m'mwamba. Nthawi imeneyo azikhala pambali pako, osati pa foni ali ku Malawi.

Ndafika pa puloti. IVF si kugula njinga, kuti wapereka ndalama watenga katundu. Ngakhale kwa mayi wosakwana zaka 35, amene amabereka pa ulendo umodzi ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu. Ndiye ukagulitsa puloti kuti ulipire ulendo umodzi, dziwa kuti n'kutheka ndithu kubwerako manja lende, ulibe mwana, ulibenso pomanga. Mtengo wake ku South Africa ndi marandi masauzande makumi angapo, ndipo umene amatchula poyamba nthawi zambiri sukhala wonse. Akupatseni mtengo wolembedwa, muone ngati mankhwala ali momwemo, ICSI ili momwemo, ndi kusunga mu firiji miluza yotsala, chifukwa kumeneko amalipiritsa padera. Muwonjezere mapasipoti, ulendo, malo ogona kwa masabata awiri kapena atatu, ndi chakudya. Ndipo ndalama zonsezo ndi zakunja. Ukukumbukira mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Amene anasunga makwacha a ulendo wotere anadzuka ndalama yawo itasanduka yosakwanira ulendo wonse.

Chimene ndingakuuze n'chakuti muli ndi kanthawi. Pa zaka 31 simunachedwe, ngakhale si zoti mugone mpaka 36. Tengani chaka chino kubwereza zoyeza ndi kusonkha ndalama, wina ku banki m'khonde, wina pa malipiro. Kwa a katapila musapondeko. Musanaike ndalama iliyonse kuchipatala, khalani pamphasa awiri, mulembe papepala kuti tidzayesa kangati, ndalama yothera ndi iyi, ndipo ichi sitidzagulitsa zivute zitani. Ndinaona banja lina likugulitsa ng'ombe, kenako munda, kenako malata a nyumba, chifukwa ulendo uliwonse ankati "kamodzi kokha katsala". Malire amaikidwa mitima isanatenthe. Pulotiyo ngati ndi yokhayo, ine sindingaigulitse pa ulendo woyamba. Mukambiranenso lero lomwe, osati mutalephera, ngati mungalole kulera mwana wa m'banjamo, kapena kutenga mwana kudzera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi kukhoti.

Amuna ako akuona ngati ali okha padziko, n'chifukwa chake akubisala. Auze kuti mu 2023 a WHO ananena kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto losabereka pa moyo wake. Akakhala m'minibasi ya anthu 18 awerenge okha.

Kalatayi uwapatse awerenge, usawafotokozere pakamwa. Yotsatira ndikufuna ilembedwe ndi iwowo, andiuze nambala ya ku labu ija ndi zimene amayi awo anayankha.