Mtima suthamanga mukamuona, ndiye kuti sichikondi?

Sabata yathayi ndalandira imelo kwa achemwali ena, dzina sinditchula. Akuti ali pachibwenzi ndi mnyamata zaka ziwiri tsopano, munthu wake alibe vuto, sawanamiza, mayi awo atagonekedwa mchipatala iye ndi amene ankapititsa phala mmawa uliwonse. Koma akuti akamuona mtima suthamanga ngati mmene zimakhalira mmakatuni achikondi omwe anakula akuonera. Nde akufunsa kuti ichi nchikondi chenicheni kapena angomuzolowera?

Achemwali sindikusekani ayi, nanenso ndinakulira zomwezo. Koma taganizani bwinobwino za Cinderella uja wa Disney wa 1950. Mwana wa mfumu anavina naye usiku umodzi basi, dzina osamufunsa, kwawo osakudziwa, ndipo chimene chimandiseketsa nchoti pokamusaka ndi nsapato ija yomwe mtsikanayo anataya pothawa sanapite mwini wake, amene anazungulira makomo anali nduna ya bambo ake. Tsono inuyo munthu amene sakudziwa ndi dzina lanu lomwe atakutumizirani ankhoswe, amalume anu angawalandire? Snow White wa 1937 ndiye usanene, mnyamata anangoimba nyimbo koyambirira kenaka zii, nkudzatulukira kumapeto kudzamupsompsona ali gone mbokosi.

Si kuti opanga makatuniwo anali opusa. Filimu ya ola limodzi ndi mphindi zochepa ilibe nthawi yoonetsa anthu akudziwana, nde amangoika nyimbo yokoma, maso kuphenyana, basi zatheka. Ndipo nkhani imathera pa tsiku la ukwati penipeni pomwe ife timati banja layamba, pelekanipelekani watha, alendo abalalika, mwatsala awiri ndi ngongole ya holo.

A Disney eni ake anadzazitsutsa okha mu Frozen ya 2013. Anna anavomera ukwati ndi Hans tsiku lomwe anakumana, mkulu wake Elsa nkukana, ndipo Hans uja anadzapezeka kuti ankangofuna ufumu, mpaka anamutsekera Anna mchipinda kuti afe. Chimene chinamupulumutsa Anna si kiss ya mamuna aliyense, koma kuti iye mwini anadziponya kutsogolo kwa lupanga kuteteza mchemwali wake.

Koma ine yomwe imandigwira mtima ndi Up ya Pixar ya 2009. Koyambirira kuli ka gawo ka mphindi zinayi zokha kopanda mawu, kakuonetsa banja lonse la Carl ndi Ellie. Akukonza nyumba yakutha, akufuna mwana koma kuchipatala akumva uthenga wowawa, Ellie wangokhala panja ndwii. Kenaka ayamba kuponya makobili mbotolo kuti adzapite ku Paradise Falls, koma tayala la galimoto laphulika, botolo aswa. Carl wathyoka mwendo, aswanso. Mtengo wagwera denga, aswanso. Mpaka akalamba ulendo osatheka, ndipo Carl atagula matikiti Ellie anadwala nkumwalira. Ndinaonera ndili wamkulu kale koma misozi inatuluka ndithu, chifukwa botolo limenelo tonse timalidziwa, ndi ndalama ya malata ija imathera kumaliro ndi fizi ya mlamu.

Nde poyankha funso lanu, kuthamanga kwa mtima kuja kumakhalapo poyamba kenaka kumazilala kwa aliyense, ngakhale amene anayamba ndi moto wa maudzu. Ine sindikuti mukwatiwe naye chifukwa choti ndi wabwino ayi, pali anthu abwino amene ukakhala nawo umangoyang'ana nthawi pafoni, ndipo ngati ndi choncho musamutayitse nthawi mwana wa eni. Koma mu imelo yanu mwalemba mizere isanu yonse za phala lija, mpaka mtundu wa kontena yomwe ankatengeramo, pomwe za mtima wosathamangawo mwangolemba mzere umodzi. Tabwererani mukaiwerengenso nokha imeloyo, kenaka mundilembere.