Usamasake okosijeni, uziwerenga manambala

Mng'ono wanga, funso lako ndaliona. Ukuti pa Zn + CuSO₄ → ZnSO₄ + Cu sukuona pamene pali oxidation poti palibe chimene chalandira okosijeni, komanso pa dichromate, Cr₂O₇²⁻, oxidation number ya chromium iwe ukupeza +12 pomwe aphunzitsi akuti +6.

Yambira kusiya tanthauzo lija loti oxidation ndi kulandira okosijeni. Silabodza, koma ndi lopapatiza, ndipo pa mayeso a MSCE lidzakusiya panjira. Nkhani yagona pa ma electron: atomu iliyonse timaipatsa nambala, oxidation number, yosonyeza ma electron amene yataya kapena kulandira; chotaya ma electron nambala yake imakwera, imeneyo ndiye oxidation, cholandira nambala imatsika, ndiye reduction.

Ine ndimachita chonchi, ndipo ndikukulimbikitsa kutero: lemba nambala pamwamba pa atomu iliyonse usanaganize china chilichonse. Element imene ili yokha, kaya Zn, kaya O₂, kaya Cl₂, ndi 0. Zitsulo za Group 1 ndi +1, za Group 2 ndi +2. Okosijeni kawirikawiri ndi −2, haidrojeni +1. Ukaphatikiza zonse, zifanane ndi chaji ya chinthucho; chopanda chaji, zikwane 0.

Tiyese pa zinki (Zn) uja. Kumanzere ali yekha, 0; kumanja ndi +2. Wakwera. Kopa (Cu) wachoka pa +2 kufika pa 0, watsika. SO₄²⁻ wangoonerera, sulfure yake ndi +6 uku ndi uku. Ukaziyesa mu labu, madzi a buluu a CuSO₄ amayamba kufwifwa, kopa wofiirira n'kumamatirira pa zinki.

Pa dichromate masamu ako ali bwino, wangolekeza panjira. Okosijeni 7 kuchulukitsa ndi −2 ndi −14. Chaji ndi −2, choncho chromium yonse pamodzi ndi +12. Koma ma chromium alipo awiri! Gawa pawiri, aliyense +6. Oxidation number ndi ya atomu imodzi, osati ya gulu. Pa KMnO₄ mulibe msampha umenewu, manganese ndi mmodzi: K ndi +1, ma okosijeni anayi ndi −8, yotsala ya manganese ndi +7.

Pamene ambiri amagwa ndi pa ma agent. Oxidising agent ndi amene walanda ma electron, ndiye kuti iyeyo nambala yake yatsika. Pachitsanzo chako ndi Cu²⁺, osati zinki. Ganizira wokongoza ndi wokongola: zinki wapereka, iye ndi reducing agent. Ine izi zinandizunguza teremu yathunthu, mpaka ndinachita kuzilemba kuchikuto kwa kope.

Samalanso ndi H₂O₂, mmene okosijeni ndi −1, ndi NaH, mmene haidrojeni ndi −1. Polemba, chaji ndi Fe³⁺ koma oxidation number ndi +3, chizindikiro patsogolo. Ndipo si reaction iliyonse ndi redox, kutanthauza yokhala ndi oxidation ndi reduction: pa HCl + NaOH palibe nambala yasintha, choncho usakakamize.

Usiku uno yesa ziwiri izi. Makala akamayaka pa mbaula, C + O₂ → CO₂. Kenako dzimbiri la pa khasu, chitsulo chikasanduka Fe₂O₃. Apa uwerenge ma Fe kaye usanalembe yankho, monga tachitira ndi chromium. Ukatumize zimene wapeza, ndidzaona mawa madzulo ndikaweruka.