Mwana akumaliza unamwino ku Mzuni: malipiro oyamba adzakhala otani?

Mayi wina wa ku Chiputula wandilembera kuti: "Mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya unamwino ndi uzamba ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu). Ndamuphunzitsa ndi geni ya kaunjika, ndipo ndili ndi ngongole ku banki m'khonde. Akayamba ntchito azilandira zingati, nanga pali zina zimene amapatsidwa pambali pa malipiro?"

Mayi, mwagwira ntchito yaikulu. Koma ndisakubisireni: kuchokera tsiku limene mwanayo adzavale gauni kufikira tsiku limene malipiro oyamba adzalowe ku banki, pali kamtunda, ndipo kamtunda kameneka ndi kamene kamasokoneza mabanja ambiri kuposa kuchepa kwa malipirowo.

Digiri payokha simulola munthu kugwira wodwala. Ayenera kukhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe loyang'anira ntchito ya anamwino ndi azamba, ndi kulembetsa dzina lake kumeneko kuti apatsidwe laisensi, ndipo pamenepa mudzapisabe m'thumba. Akatero amadikira kuti boma lilengeze malo a ntchito. Pa zipatala zazikulu ngati Mzuzu Central amalemba ndi a Health Service Commission, nthambi ya boma yolemba anthu ntchito za umoyo, pomwe zipatala za m'maboma zili pansi pa makhonsolo. Pamakhala mayeso a intaviyu, ndipo opikisana nawo ndi ambiri, chifukwa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, Ekwendeni, St John's ndi makoleji ena amatulutsa anamwino chaka chilichonse. Alipo amene amakhala pakhomo chaka kapena kuposerapo ali ndi laisensi m'manja. Ndiye ngongole ija musaiwerengere pa malipiro a mwana. Pitirizani kuibweza ndi geni monga mwakhala mukuchitira.

Tsopano za ndalama. M'boma malipiro amayendera giredi. Wa digiri ngati mwana wanu amayambira pa giredi I ngati Nursing Officer, pomwe wa dipuloma ya Nurse Midwife Technician amayambira pa giredi K, yomwe ili pansi pake. Ndalama za giredi iliyonse boma limazisintha kudzera mu sekyula (kalata yolengeza ya boma), kotero chofunika kufunsa ndi ichi: "Giredi I ikulandira zingati pa sekyula yatsopano?" Ofesi yoona za ogwira ntchito pa chipatala cha boma imakhala nayo sekyulayo. Musadalire chiwerengero chimene anakuuzani mnzanu amene mwana wake analembedwa zaka zitatu zapitazo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chiwerengero cha nthawi imeneyo sichikunenanso kanthu za thumba la chimanga la lero.

Chimene chalembedwa pa kalata yolembedwera ntchito si chimene chimafika m'manja. Bungwe lotolera misonkho la MRA limadula msonkho wa pa malipiro, wotchedwa PAYE. Penshoni imatenga 5 peresenti kwa wantchito, bwana n'kuwonjezerapo yosachepera 10 peresenti, monga lamulo la penshoni likunenera. Ngati mwanayo anaphunzira ndi ngongole ya Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, nayonso iyenera kubwezedwa. Akalowa bungwe la anamwino la NONM amasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo laisensi imafuna kulipiridwa kuti ikhalebe yamoyo. Chotsalacho ndiye chilipire nyumba ku Luwinga kapena ku Chibavi, kabaza wopita ku ntchito, ndi juzi ya usiku wa June kuno ku Mzuzu. Zimachitikanso kuti wolembedwa kumene amagwira miyezi ingapo dzina lake lisanalowe pa payroll, mndandanda wa olandira malipiro. Ndalamazo zimadzabwera pamodzi pambuyo pake, koma landilodi sadikira.

Pa za pambali, chimene anamwino amachitchula kwambiri ndi lokamu, ndalama yogwirira shifiti yowonjezera pamene ogwira ntchito achepa. Imathandiza, koma ine ndimauza achinyamata kuti asaiyike pa bajeti ya lendi, chifukwa nthawi zina imachedwa, komanso namwino wogwira usiku ndi usana mosapuma ndiye amalakwitsa mankhwala. Phindu lenileni la ntchito ya boma lili pa kukhazikika kwake, penshoni, tchuthi cholipidwa cha pachaka ndi cha uchembere, ndi mwayi wodzapempha tchuthi chokapitiriza maphunziro akagwira zaka zingapo.

Asayang'ane Mzuzu Central yokha. M'zipatala za mishoni za pansi pa CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), monga St John's kuno m'tauni, Ekwendeni kapena Embangweni, malipiro a ogwira ntchito ambiri amachokera ku boma ndipo amatsata magiredi omwewo. Zipatala zina za kumudzi zimakhala ndi nyumba za ogwira ntchito, ndipo namwino wokhala m'nyumba ya chipatala ku Chitipa akhoza kusunga ndalama kuposa mnzake wa lendi ku Katoto ngakhale giredi ndi imodzi. Ndimamva chisoni ndikaona wachinyamata akukana malo a kumudzi n'kukhala pakhomo chaka china akudikira tauni. Mabungwe omwe si aboma ena amalipira bwino, koma pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Zipatala za anthu wamba zimasiyana kwambiri, ndiye kumeneko asayambe ntchito popanda kalata yosainidwa.

Kalata ikadzabwera, khalani naye pansi muiwerenge limodzi musanauze achibale. Muone giredi, malipiro asanadulidwe, kutalika kwa nthawi yoyesedwa, ngati ndi ntchito yokhazikika kapena ya kontirakiti, ndiponso ngati pali nyumba kapena thandizo la kuchipatala ngati inshuwalansi ya MASM. Ndipo ngati geni ingalole, yambani pano kumusungira ndalama ya lendi ndi chakudya ya miyezi itatu yoyambirira, ndi ya yunifolomu ndi nsapato zoyimira tsiku lonse mu wodi.