Mpingo unadzaza pakhomo tsiku la maliro, nanga pa matenda unali kuti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, yemwe wapempha kuti ndisatchule dzina lake kapena la mpingo wake. Mayi ake omubereka anadwala matenda a kufa ziwalo kwa miyezi yambiri. Anali munthu wa mpingo chiyambire utsikana wawo, chakhumi osaphonya, kusesa m'tchalitchi ndi kuphika pa misonkhano zonse zinali zawo. Pa matenda onsewo a mpingo anafika kamodzi kokha kudzapemphera. Atamwalira, pakhomo panadzaza mayunifolomu, nyimbo mpaka mbandakucha, nkhata za maluwa ndi ulaliki wowatamanda. Funso lake ndi ili: "Kodi mipingo ndi mizikiti ili ndi ntchito yanji pa moyo wa munthu ngati imadikira kuti ayambe wamwalira? Ndisiye kupereka chakhumi, ndalamayo ndizithandizira ndekha ovutika?"

Mayi, pepani kwambiri. Kudwazika kholo logona pamphasa, kulitembenuza usiku, kulisambitsa, kuchapa zofunda m'mawa uliwonse, kulimwetsa phala ndi supuni, ndi ntchito yomaliza munthu mphamvu. Kuigwira nokha pamene anthu omwe mumaimba nawo Lamulungu akukhala mtunda woyenda pansi, kumawawa kuposa kutopako. Mkwiyo wanu uli ndi chifukwa, ndipo sindikuuzani kuti muuiwale. Koma pa za kusiya kupereka, ine ndikuti musasiye. Musinthe kaperekedwe, ndipo muyambe kufunsa mafunso omwe ambiri timaopa kufunsa.

Ndikutero chifukwa Zomba yathuyi, mutachotsamo zomwe azipembedzo anamanga, ingatsale ndi mabowo aakulu. Munthu wodwala ku Malosa amathamangira ku St Luke's, chipatala cha mpingo wa Anglican. Wa cha ku Jali amapita ku Pirimiti, kwa Akatolika. Ku Domasi kuli mishoni yakale ya CCAP. Ana athu aphunzira ku St Mary's, ku Zomba Catholic, ku Malosa. M'dziko lonse, zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo, ndipo zambiri zili kumidzi komwe chipatala cha boma chili kutali. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Marichi 2023, anthu ambiri anakagona m'masukulu ndi m'nyumba zopemphereramo galimoto yachithandizo isanafike n'komwe.

Ndisakunamizeni kuti chakhumi chanu ndicho chimayendetsa zipatala zimenezi. Malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatala za CHAM amachokera ku boma, odwala amalipira, ndipo abwenzi akunja amaikapo zawo. Amayi oyembekezera amathandizidwa ulere m'zipatala zina chifukwa cha mgwirizano wa boma ndi zipatalazo. Komabe popanda mpingo wamoyo kumbuyo kwake, mishoni siikhalitsa.

Zonsezi sizikuyankha kulira kwanu, ndikudziwa. Mayi anu sanasowe chipatala, anasowa anthu. Ndiye tiyeni tikambe chifukwa chake timachita bwino chotere pa maliro koma pa matenda n'kulephera.

Maliro ali ndi dongosolo lomwe aliyense amalidziwa. Uthenga ukangofika kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo, palibe wofunsa chochita. Amayi a chigwirizano akudziwa kuti agona pasiwa, akwaya akudziwa nyimbo zawo, adzukulu akudziwa kumanda, msungichuma akudziwa kuti atulutse zingati za chipepeso. Wosafika amaonekera, ndipo amadziwa kuti tsiku lake likadzafika anthu adzakumbukira, paja maliro n'kulirana. Kuonjezera apo, maliro amatha. Masiku awiri, atatu, aliyense wabwerera ku ntchito zake. Matenda a mgonagona alibe zonsezi. Palibe belu lomwe limalira kuti mayi uje lero wakanika kudzuka. Palibe amene anapatsidwa udindo woti Lachiwiri ndi tsiku lake lokamuona. Sabata yoyamba anthu amabwera ndi nthochi ndi pemphero, mwezi wachitatu aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akupitako. Anthu omwe sanabwere kwa mayi anu, ambiri mwa iwo si ouma mtima. Ndi anthu omwe mpingo wawo unawakonzera njira yolirira koma sunawakonzere njira yodwazikira. Vuto lotere limakonzeka, chifukwa ndi la dongosolo.

Ndipo tinazichitapo kale. Amene munalipo zaka za m'ma 1990 mukukumbukira momwe Edzi inkatengera anthu, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Zipatala zinkadzaza, odwala ankabwezedwa kunyumba. Omwe ankayenda khomo ndi khomo ndi sopo, magolovesi ndi ufa wa phala anali magulu osamalira odwala kumudzi, ambiri a iwo ochokera m'miphakati, m'milaga, ku Mvano, ku Dorika, ku Mothers' Union ndi kwa amayi a Dawa. Ankasambitsa anthu omwe abale awo enieni ankaopa kuwakhudza. Sukulu zambiri za mkombaphala zodyetsa ana amasiye zinayambira pomwepo. Mankhwala atabwera anthu anadzuka, thandizo lakunja la ntchitoyi linachepa, magulu ambiri anazirala. Koma odwala ogona sanathe. Lero ndi a BP, a shuga, a khansa, ofa ziwalo, ndi agogo omwe ana awo ali ku Joni. Luso lija lidakalipo m'manja mwa amayi omwewo, likungosowa woliitana.

Pali china chomwe ndiyenera kunena mosabisa, ndipo ndi cha ndalama. M'mipingo yambiri chopereka chimathera pa njerwa. Chaka chino mpanda, chaka chamawa matailosi, kenako galimoto ya abusa, kenako holo. Kumanga si tchimo, anthu ayenera kupemphera posadontha. Koma mukapempha lipoti la chuma n'kuyang'ana mzere wa odwala, amasiye ndi okalamba, kawirikawiri ndi womwe uli ndi kachiwerengero kochepetsetsa, mwinanso palibiretu. Choipitsitsa ndi chizolowezi choyamba kuyang'ana khadi ngati womwalirayo ankapereka mokwanira asanavomere kuimba maliro ake. Munthu amene wagona chaka chathunthu akanapereka chiyani? Chimenechi chiyenera kutha. M'buku la Machitidwe mutu 6, atumiki asanu ndi awiri aja anasankhidwa chifukwa kunabuka dandaulo loti amayi amasiye ena ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kudandaula ngati kwanuku ndiye kunabala udindo umenewo, ndipo atumwi sanawadzudzule odandaulawo.

Abale athu Achisilamu, omwe kuno ku Zomba ndi ambiri ndithu, ali ndi zina zoti tonse tiphunzireko. Zakaat, chopereka chawo chothandizira osowa, ili ndi mlingo wake, 2.5 peresenti ya chuma chomwe munthu wasunga chaka chathunthu chikafika pa muyeso woikika, ndipo oyenera kulandira anatchulidwa kale, osauka ali poyambirira. Pakutha pa Ramadan pali chopereka china chomwe chimayenera kufika kwa osowa pemphero la Idi lisanachitike, kuti nawonso adye tsiku limenelo. Maliro awo ndi achangu komanso osafuna zambiri: nsalu yoyera, jeneza, basi, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi. Sindikunena kuti kumizikiti kulibe odwala oiwalidwa, aliko. Koma ndikaona banja lomwe linkasowa ya minibasi yopitira ku chipatala chachikulu cha Zomba Central likukongola ndalama ya bokosi lonyezimira, ndimaona kuti pali pomwe tinapotoka.

Ndichenjezenso pang'ono, poti mtima ukapweteka munthu amasamuka msanga. Mpingo wakale ukakukhumudwitsani, pali ena omwe amalandira ndi manja awiri, koma kuonana ndi mneneri n'kolipira, mafuta ndi madzi n'zogula, ndipo wodwala amauzidwa kuti ataye mankhwala. Aliyense wouza munthu wa ma ARV, wa shuga kapena wa khunyu kuti asiye mankhwala akuika moyo wake pa chiswe, kaya wanyamula buku lopatulika lotani. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

Kusamalira anthu kulinso ndi mbali yolankhula. Pa 8 Marichi 1992 maepiskopi Achikatolika anatulutsa kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Timaikumbukira ngati ya ndale, koma inakambanso za kusowa kwa chithandizo m'zipatala, mavuto a m'masukulu ndi malipiro ochepa a anthu wamba. Ophunzira a pa Chancellor College konkuno anayenda mumsewu kuigwirizira, bungwe la Public Affairs Committee lomwe linaphatikiza Akhristu ndi Asilamu linabadwa chaka chomwecho, ndipo pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Mpingo sungalowe m'malo mwa boma, ndipo suyenera kutero. Mankhwala akasowa m'chipatala, kupereka mabulangete kokha sikukwanira, pamafunikanso mawu ofunsa komwe msonkho wapita.

Tsono inu mutani? Musayambire kwa abusa kapena pa guwa. Yambirani ku mlaga kapena ku mphakati kwanu, komwe muli anthu ochepa odziwana makomo. Auzeni zomwe munandilemberazi, mwaulemu koma osachepetsako. Ena achita manyazi, ena akwiya, koma mudzapezamo awiri kapena atatu omwe anadutsa momwemo n'kungokhala chete. Pemphani kuti mulembe mayina a onse ogona m'dera lanu, a mpingo wanu ndi omwe si a mpingo wanu, ndipo aliyense akhale ndi munthu wake ndi tsiku lake. Zofunika sizikhala zazikulu: sopo, matewera a akuluakulu, ufa wa phala, ndalama ya kabaza yokatengera mankhwala, ndi munthu wokhala ndi wodwala masana amodzi kuti wodwazikayo agoneko kapena apite kumsika. Chomalizachi sichifuna ndalama, koma ndi chomwe inu munachisowa kwambiri. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuphunzitseni katembenuzidwe ka wodwala kuti asachite zilonda.

Pa msonkhano wa mpingo wonse, pemphani lipoti la chuma ndipo funsani kuti pa chopereka cha chaka chatha ndi zingati zinapita kwa odwala. Kufunsa kotere si mwano, ndalamazo ndi zanu. Pemphani kuti pakhale gawo loikika la odwala ndi okalamba, lolembedwa, lomwe silingabwerekedwe ndi komiti ya zomangamanga.

Gulu lanu likalimba, musaiwale kuti tauni yathu ili ndi anthu omwe alibe mlaga uliwonse pafupi. Ku Zomba Mental Hospital kumabwera odwala ochokera m'maboma akutali, ena abale awo sakwanitsa kuwayendera. Kundende yaikulu kuli amuna omwe atha zaka osaona nkhope yakwawo. Pa Central pali magadiyani ochokera ku Chingale, ku Mayaka ndi kunyanja ya Chilwa omwe ufa ndi nkhuni zimawathera wodwala asanatulutsidwe. Magulu ambiri amapitako pa Khirisimasi pokha, chikhalirecho njala ya gadiyani imavuta kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale.

Mukayesa zonsezi akuluakulu n'kukana kumva, kapena kukubisirani lipoti, pamenepo gawani chopereka chanu ndi mtima woyera: china ku mpingo, china mugule sopo ndi ufa mukapereke nokha kwa wodwala yemwe mukumudziwa. Muwauze akulu a mpingo kuti mwatero ndiponso chifukwa chake, kuti asayese kuti mwangofooka.