Kodi mtsogoleri wa dziko angatseke madoko ndi kugwira zombo aphungu asanavomereze?

Funso: Akonzi, ndine wophunzira zamalamulo kuno ku Zomba. Ndamva kuti Abraham Lincoln, yemwe anali Pulezidenti wa dziko la America, anatseka madoko a adani ake ndi kugwira zombo za amalonda, nyumba ya malamulo isanalengeze nkhondo. Kodi malamulo oyendetsera dziko amalola zimenezi? Wowerenga wanu, Chinamwali.

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Bwalo lalikulu la milandu la ku America linagamula nkhaniyi pa 10 Marichi 1863, ndipo oweruza asanu anati Lincoln sanalakwe, pamene anayi anatsutsa.

Zigawo za kummwera zitagalukira boma ndi kuphulitsa linga la Fort Sumter, Lincoln analamula pa 19 Epulo 1861 kuti madoko awo atsekedwe, aphungu asanakumane n'komwe. Chilolezo cha aphungu chinabwera pa 13 Julaye, koma pofika tsikulo asilikali a pamadzi anali atagwira kale zombo zingapo, kuphatikizapo Amy Warwick, yomwe inanyamula khofi kuchokera ku Rio de Janeiro, Hiawatha ya ku Britain ndi Brilliante ya ku Mexico. Eni zombozo anadandaula kuti malamulo a dzikolo amapereka mphamvu yolengeza nkhondo kwa aphungu okha, kotero kuti katundu wawo anatengedwa popanda lamulo.

Woweruza Robert Grier, polemba m'malo mwa asanu aja, anati nkhondo yapachiweniweni siyamba ndi chilengezo, ndipo mdani akayamba kuwombera, mtsogoleri ali ndi udindo wolimbana naye osadikira kuti aphungu aitchule kuti ndi nkhondo. Woweruza Samuel Nelson anaona mosiyana. Iye anavomera kuti kumenyana kunalipo, koma anati kusandutsa nzika kukhala mdani amene katundu wake angalandidwe ndi ntchito ya opanga malamulo, osati ya munthu mmodzi.

Ine ndikuona kuti mfundo ya Nelson imafunika kuiwerenga mofatsa, ngakhale kuti sinapambane. Kuthamangitsa mdani amene wafika pakhomo n'kwachangu ndithu, koma kulanda khofi wa wamalonda n'kumugulitsa kumakhudza ufulu wa munthu pa chuma chake, ndipo pamenepo dzanja la boma liyenera kugwidwa ndi lamulo. N'chifukwa chake chombo chogwidwa pa nkhondo sichisanduka chuma cha boma pompopompo: chimayamba chaonekera kubwalo loweruza milandu ya zombo zogwidwa, kumene mwini wake amaloledwa kudziteteza. Pangano la ku Paris la 1856 linanenanso kuti kutseka doko kumazindikirika pokhapokha ngati pali zombo zankhondo zokwanira kulitsekadi, osati kungolengeza papepala.

Kuno kwathu, malamulo oyendetsera dziko a 1994 ayandikira kwambiri maganizo a Nelson. Gawo 45 limalola Pulezidenti kulengeza kuti dziko lili pa ngozi m'nthawi ya nkhondo, koma komiti ya aphungu yoona za chitetezo iyenera kuvomereza, ndipo chilengezocho sichingapitirire masiku 21 popanda nyumba ya malamulo kuchiwonjezera. Musaganize kuti nkhaniyi sitikhudza poti tilibe nyanja yamchere, pakuti mafuta ndi feteleza wathu wambiri amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo limodzi la madoko amenewa litatsekedwa, katundu wa Amalawi angagwidwe monga anagwidwira wa m'chombo cha Hiawatha, chomwe dziko lake silinali nawo pa nkhondoyo.